Utsi Pakati pa Maluwa

Mwanaidi anaima chilili pakati pa maluwa, lichero la bowa lili m'manja. Mvula yoyamba inali itadzutsa nkhalango ya kuseri kwa Nselema, maluwa ofiira ndi achikasu ali mbwee pansi pa mitengo ya masuku. Koma iye sanawaonenso. Maso ake anali pa bambo amene ankakwirira uvuni wa makala kumunsi kwa kanjirako.

Anali Shukuru, mwamuna wake, yemwe mudzi wonse unkadziwa kuti ali ku Joni chaka chachiwiri tsopano. Lachisanu lomweli anaimba pa Watsapu, n'kumadandaula kuti abwana ake akumukaniza tchuthi.

"Che Shukuru?" Mawuwo anatuluka ngati a munthu wina.

Bamboyo anatembenuka, khasu n'kumupulumuka. Anali atawonda zomvetsa chisoni, atavala jekete lomwe Mwanaidi anamugulira pakaunjika tsiku lonyamuka.

"Mwabwera liti?" Mwanaidi anafunsa.

"Sindinakafike n'komwe, mayi a Dalesi. Anatibweza pamalire. Ndikanalowa bwanji m'mudzi chimanjamanja, inu mutagulitsa mbuzi zonse kuti ndipeze ulendo?"

Mwanaidi anakhala pansi, pamaluwa pomwepo, bowa n'kumwazika. Pamalopo madenga a kumudzi kwawo ankaoneka bwinobwino.

"Ndiye maliro a mayi anu aja, ife tikukulirirani kuti muli kutali, inu munali muno?"

Shukuru anagwetsa nkhope, n'kuloza mtengo wautali wa m'mphepete mwa phiri.

"Ndinakwera uwo," anatero. "Ndinakuonani nonse mukupita kumanda."