Mphepo ya ku Aberdeen

Mzere wa pabwalo la ndege la pachilumba chotentha cha Lanzarote unali utapindika ngati njoka, ndipo Tamsin anali pakati pake, akufotokozera chibwenzi chake Fergus mmene makina atsopano a pachipata amagwirira ntchito.

"Poti n'koyamba, akujambula nkhope, kenaka uika zala zinayi pagalasi. Ukatero watha. Makinawo amakusunga zaka zitatu. Ulendo wina amangokuyang'ana n'kukutsegulira."

"Unanena kale m'ndege," anatero Fergus.

"M'ndege unatsinzina."

Tamsin anali atawerenga zonse. Digiri yake ya mbiri yakale inali isanamupezere ntchito, koma inamusiyira luso lowerenga malamulo mpaka kumapeto ndi kuwafotokozera anthu amene sanafunse.

Kutsogolo ndi kumbuyo kwawo kunali anthu akwathu okhaokha a ku Britain, otuwa ngati mkate wosapsa, atavala kale zipewa za dzuwa m'chipinda chopanda dzuwa. Aliyense ankadandaula chapansipansi, wina akamuponda n'kupepesa iyeyo. Pambali panali chipata china, chomwe chinali chathu tisanavote tokha kuti tituluke m'gulu la mayiko a ku Ulaya. Pamenepo Majeremani ankangodutsa ngati akulowa m'nyumba mwawo, kuthamangira mipando yabwino ya m'mbali mwa dziwe la kuhotela.

Fergus ankatuluka thukuta. Anali m'jekete lomwe ananyamuka nalo ku Manchester, ndipo dzanja lake lamanja linali lisanatuluke m'thumba chinyamukireni. Tamsin atamupempha pasipoti kuti aisunge pamodzi ndi yake, anakana.

Tamsin sanakwiye, chifukwa ankadziwa chomwe chinali m'thumbamo. Anali atakhala limodzi zaka zitatu. Fergus anali munthu woti sanatulukepo kunja kwa dziko, ndipo pasipotiyo anachita kukakamizidwa ndi Tamsin yemweyo kuti akapangitse m'Januwale. Munthu wotere sangodzuka n'kusankha yekha chilumba, hotela, ngakhalenso tebulo loyang'ana kunyanja la Lachinayi madzulo. M'Malichi anapita sabata yathunthu ku Aberdeen, mzinda wozizira wa kumpoto kwa Britain, kukathandiza mchimwene wake kukhoma madenga, n'kubwerako mphuno ikusupuka. "Mphepo ya kumeneko imawotcha kuposa dzuwa," anatero. Tamsin anamupaka mafuta ndi manja ake, mumtima akuseka. Ankadziwa kuti mwamunayo akuvutikira mphete yomufunsira nayo ukwati.

Tamsin anali atauza kale amayi ake za mpheteyo, pamodzi ndi anzake awiri. Dzulo lake anakaikitsa zikhadabo zazitali zapinki, kuti dzanja lidzaoneke bwino pachithunzi. Nkhope yodabwa anali ataiyeserera pagalasi la kubafa mpaka inakhala bwino.

"Vula jekete iwe, usanatikomokere pano," anatero.

"Ndili bwino."

"Ukuopa makina? Saluma. Ndiyamba ine, iwe uziona."

Mzere unasendera. Fergus anayang'ana chipata, kenaka anayang'ana pansi.

"Tam, pali nkhani ndimafuna ndikuuze tisanafike apo."

Tamsin anaganiza za mphete ija. Anayang'ana uku ndi uku. Kumbuyo kwawo bambo wina ankadzikupiza ndi nyuzipepala, mwana wake akulirira chimbudzi. Sanaikitsire zikhadabo malo ngati amenewa.

"Osati pano," ananong'ona. "Pamzere? Dikira Lachinayi."

"Koma Tam…"

"Lachinayi, Fergus. Ndapirira zaka zitatu, masiku awiri sangandiphe."

Nthawi yake itakwana, Tamsin anapita pamakina mwachifatse, ngati mphunzitsi woonetsa chitsanzo. Nkhope inajambulidwa bwinobwino. Anaika zala pagalasi. Kanyali kanayaka kofiira.

"Gonekani zala, mayi," anatero mayi wina wa yunifolomu amene ankathandiza anthu pamenepo, m'mawu a munthu amene wanena zimenezo tsiku lonse.

Anagoneka. Zikhadabo zinagunda m'mphepete mwa galasi, zala n'kutsala m'malere. Kofiira.

"Zikhadabozi n'zokongola," anatero mayiyo, "koma makina akufuna zala."

Kumbuyo wina anatsokomola, zomwe kwathu n'chimodzimodzi kutukwana. Tamsin anapepesa kwa mayiyo, kwa wotsokomolayo, ndi kwa makinawo. Anakanikiza ndi mphamvu zonse mpaka chikhadabo cha chala cha mphete chinathyoka n'kugwera pansi. Kanyali kanayaka kobiriwira.

Anadutsa nkhope ikutentha, akudzitonthoza kuti pachithunzi adzapinda chalacho pang'ono. Kenaka anatembenuka kuti awongolere Fergus, yemwe popanda iye sakanadziwa pogwira.

"Nkhope kaye," anatero. "Usaseke. Zala pambuyo."

Fergus anatulutsa dzanja m'thumba muja. Munatuluka pasipoti yokha, thumba n'kuphwa. Anaiika pamakina, nakweza nkhope. Kanyali kanayaka kobiriwira nthawi yomweyo, chipata n'kutseguka.

Tamsin, munthu wowerenga malamulo mpaka kumapeto, sakanalola kuti cholakwika chotere chingodutsa.

"Pepani, mwaiwala zala zake," anauza mayi uja. "Awa n'koyamba kutuluka kunja kwa dziko."

Mayiyo anasuzumira pamakina. "Zala zawo tili nazo kale, mayi. Analembetsa pompano m'Malichi. Wotsatira."

Mphuno ya Fergus inayamba kufiira, ngakhale m'chipindamo munalibe mphepo.