Dzanja Limodzi M'thumba

Panali munthu wina ku tauni ya Chitungwiza, dzina lake Takaruza, woimba gitala ya nyimbo za sungura. Zala anali nazo, pamenepo tisamuchitire nsanje, koma makutu omvera malangizo analibe. Bandi ina yaikulu inamuitana kuti Loweruka ikamuyese, chifukwa wa gitala wawo anali atathawira ku Joni. Mwayi umenewu anaudikira zaka zisanu ndi ziwiri.

Vuto linali ampu yake, chokuzira mawu a gitala, ya mavalavu, timababu tagalasi tija timayaka mofiira mkati. Ampu zimenezi zimatulutsa mawu okoma pokhapokha utazikweza mpaka mazenera anjenjemere. Ndiye Takaruza ankachita lendi kuseri kwa nyumba ya Mai Rungano, mayi wosadziwa kunong'ona.

"Iwe Taka! Mbale zanga zikuvina zokha m'kabati! Ukalizanso chinthu chakocho, upakire!"

Nanga akanakonzekera bwanji? Ananyamula ampu ija ulendo wa ku msika wa Makoni kwa madala Gwatidzo, wokonza mawailesi.

"Tiikemo chopotokola chochepetsa magetsi opita ku mavalavu," anatero madala. "Mawu azikoma chimodzimodzi, koma phokoso lochepa."

"Ndiye voliyumu imeneyo."

"Si voliyumu."

"Koma chimatsitsa mawu?"

"Eya."

"Aaa madala, mukundizunguza mutu. Ndiye voliyumu!"

"Mwana iwe, voliyumu imatseka pakamwa. Ichi chimachepetsa chakudya. Bwera Lolemba tidzapangire limodzi."

Lolemba, pamene bandi ikumuyesa Loweruka? Takaruza anakana kwamtuwagalu, amvekere apanga yekha. Madala anapukusa mutu, nkumujambulira mawaya onse pa katoni, kenako anagogoda ndi pensulo timigolo tiwiri ta mkati mwa ampu.

"Awa ndi makapasita. Amasunga magetsi ngakhale utazula pulagi. Usanagwire chilichonse uziyamba wawakhetsa ndi kawaya aka, nkuyeza ndi mita ngati magetsi atheratu. Chachiwiri, ukamapisa mkati, dzanja lamanzere likhale m'thumba."

Takaruza anaseka chikhakhali. Pa Makoni aliyense ankadziwa kuti madala amagwira ntchito dzanja lili m'thumba, ndipo mphekesera zinali zoti amafumbata chithumwa.

"Madala, tandiuzani zoona. M'thumbamo muli chiyani?"

"Muli dzanja."

"Dzanja lokha?"

"Dzanja lamoyo."

Sanamvetse, ndipo manyazi anamuletsa kufunsanso. Lachinayi anawotcherera mawaya tsiku lonse. Atayatsa nkupotokola kuti atsitse, ampu inabangula ngati ng'ombe. Akakweza inkatsika, akatsitsa inkakwera. Anali atasemphanitsa mawaya awiri.

"Taka! Ndati chiyani ine?"

"Ndikutsitsa, mai!"

"Kutsitsa kwake kumeneko?"

Anazula pulagi, nakhetsa makapasita aja monyinyirika, nkukonza. Lachisanu chopotokola chinagwira bwino, koma panabuka kang'ung'udza kosatha m'sipika. Anayang'ana katoni ija, anaitembenuza, sanaone cholakwika. Mutu unaima. M'malo moimbira madala, anatsegula kanema wa kakonzedwe ka ampu pa foni. Munali mzungu wina wolankhula mothamanga, ndipo Takaruza anatolapo mawu ochepa chabe. Chimene anaona bwino nchakuti mzunguyo ankapisa manja onse awiri mu ampu, akumwetulira. Zoti munthuyo anali atakhetsa kale magetsi asanayambe kujambula, mnzathuyu sanaziganize.

"Ndinanena ine, za m'thumbazi ndi zikhulupiriro za madala," anadziuza yekha. "Chopotokola chili pa ziro. Pulagi ndazula. Mavalavu azima. Magetsi achokera kuti?"

Anagwira chitsulo cha ampu ndi dzanja lamanzere kuti isasunthe, lamanja nkupisa mkati.

Phaa!

Anadzidzimukira ali pansi, mtima ukugunda ngati ng'oma, mkamwa mukumveka chitsulo. Magetsi analowera dzanja ili nkutulukira linalo, kudzera pachifuwa. Pokoka dzanja lamanzere mwadzidzidzi, mphepete mwa chitsulo munamucheka zala ziwiri mpaka pa fupa. Mai Rungano omwewo ndi amene anamukulunga dzanjalo ndi nsalu yawo nkuthamangira naye kuchipatala, akulira ndi kukalipa nthawi imodzi.

Loweruka, nthawi imene anzake ankayesedwa, iye anali gone pabedi la kuchipatala. Madala anabwera ndi nthochi.

"Madala, sindikumvetsabe. Chinali pa ziro. Ndinazula pulagi. Chinandiluma nchiyani?"

"Ukatseka mpope, thanki imauma?"

"Ayi."

"Chopotokola chako ndi mpope. Makapasita ali kumbuyo kwake, odzaza. Ndinakujambulira."

"Nanga za m'thumba zija?"

"Dzanja limodzi likakhala m'thumba, magetsi sapeza njira yodutsa pa mtima. Komanso dzanja lobisa silichekeka. Uthokoze Mulungu kuti tikulankhula." Madala anawonjezera motsitsa mawu: "Nanenso ndinalakwa, mwana wanga. Ndikanakuuza momveka, osati mwamwambi."

Bandi ija inatenga munthu wina. Madokotala anasoka, koma mitsempha inali itaduka, ndipo zala ziwirizo sizipindikanso. Ndi zala zomwe ankadinira nsambo za gitala. Ampu ija madala anaimaliza Lolemba lomwe lija, pa mphindi makumi awiri. Akuti imalira mokoma kwambiri, motsitsa, moti Mai Rungano sangadandaule. Koma imangokhala pakona, atavundikirapo nsalu.

Lero mukakumana ndi Takaruza pa Makoni mumuzindikira msanga. Amayenda dzanja lamanzere lili m'thumba.

Phunziro: Mawu a akulu amakoma akagonera, koma ena akagonera amapeza zala zitapita. Ngati sunamvetse, funsanso, osaseka. Ngati uli ndi udindo wolangiza, lankhula momveka. Ndipo ampu ya mavalavu imaluma ngakhale itazima. Tumizani nkhaniyi kwa oimba ndi onse okonda kutsegula zamagetsi, isanawapeze ali pabedi la kuchipatala.