Bakha Amene Anaterereka mu Katondo

Padangokhala, kale nyama zikadazira nyumba zawo, Mayi Nungu ankakwatitsa mwana wawo. Anaitana Nanzikambe ndi Bakha kuti akongoletse nyumba ndi dothi, aliyense khoma lake.

"Khoma lonyansa tilifafaniza alendo asanafike," anatero Mayi Nungu.

Nanzikambe ankadziwa mitundu yonse, poti amaivala pathupi. Bakha anali asanajambulepo kanthu.

"Achimwene, ndiyambire pati?" anafunsa Bakha.

"Usakhudze khoma usanaone chithunzi chonse m'mutu," anayankha Nanzikambe. Anakweza dzanja, n'kulibweza, n'kulikwezanso.

Bakha anayesa kuganiza, koma m'mutu munalibe kanthu. Potembenuka anaterereka m'beseni la katondo, dothi lofiira lija, phazi lake n'kudinda pakhoma. Anafuna kufufuta, koma atayang'anitsitsa anaona kuti chidindocho chikufanana ndi tsamba la dzungu. Anadinda lina. Kenako anakoka tsinde ndi mlomo, tsindelo n'kuyanga kulowera komwe iye sanaganizire, ndipo anangolitsatira. Pomwe dothi linadontha, anazunguliza n'kukhala dzungu.

Dzuwa litapendeka, Mayi Nungu anaima nthawi yaitali pakhoma la Bakha.

"Mwanawe, munda uwu unaulota liti?"

"Sindinaulote, mayi. Ndakumana nawo pakhoma pomwepa."

"Chithunzi changa chiposa chimenechi," anatero Nanzikambe, khoma lake likadali losakhudza. "Tsopano chakwanira m'mutu."

Anapisa dzanja m'beseni. Dothi linali litauma gwa.

Nthano ithera apa, koma Nanzikambe akadayendabe akukweza dzanja ndi kulibweza. Chithunzi chake mwina n'chokongoladi. Palibe anachionapo.