Nsanje ya a Katakwe ndi Khomo la mu Detabesi

Panali munthu wina, ndipo amene ankagwira naye ntchito akulumbira kuti izi n'zoona. Kuofesi ankamutcha a Katakwe, chifukwa ndiye ankasamala detabesi ya kampani, momwe munkasungidwa mayina a makasitomala ndi maoda onse.

A Katakwe anapezera ntchito mlamu wawo, mng'ono wa akazi awo, m'dipatimenti yomweyo. Mtsikanayo anali wakhama. Posakhalitsa abwana anayamba kumutchula pamisonkhano, ndipo kutamveka kuti pakufunika mkulu wa dipatimenti, a Katakwe nsanje inawadya mpaka kuonda.

"Ndinamuphunzitsa ndine kuyatsa kompyuta," ankadandaula kunyumba. "Lero azindilamula?"

"Bambo a kunyumba, musiyeni mwana agwire ntchito," anatero akazi awo. "Wakulandani chiyani?"

Iwo sanamve.

Tsiku lina mlamuyo anaitanidwa kukaonetsa mabwana pulogalamu yatsopano imene anapanga. Inali mu foda yake pa seva, kompyuta yaikulu ya kampani. A Katakwe anaganiza zoifufuta kuti achite manyazi, udindo ugwere iwo. Koma pasiwedi ya sevayo analibe, mphamvu zawo zinkathera mu detabesi.

Tsono mu detabesi muli kakhomo kena. Ukakatsegula, umatha kulamula seva yonse uli m'katimo: kukopera, kusamutsa, ngakhale kufufuta mafayilo. Pakampanipo panali lamulo loti kazikhala kotseka, ndipo analemba lamulolo ndi a Katakwe omwe!

Mlamu atangolowa m'chipinda cha msonkhano, iwo anatsegula kakhomo kaja. Anatumiza lamulo loyamba lolowera mu foda ya mlamu. Kenako anatumiza lachiwiri lofufuta zonse zili mmenemo. Anatsamira pampando n'kuyamba kuimba mluzu.

Nsanje imaiwalitsa munthu ngakhale ntchito yake. Pakhomo limenelo lamulo lililonse limayamba palokha, silikumbukira kumene linzake linalowa. Lachiwiri lija silinayambire mu foda ya mlamu ayi, linayambira mu foda ya mafayilo oyendetsa sevayo, n'kuyamba kusesa.

Posachedwa kuofesi kunali chipwirikiti. A pakauntala akukuwa kuti maoda sakutuluka, makasitomala ali pamzere mpaka pakhonde, mafoni akungolira. Abwana anatulukira ali ndi mlamu uja kumbuyo. Mtsikanayo anagwada pa seva, nayang'ana kwa kanthawi.

"Bwana, wina wafufuta mafayilo oyendetsa seva. Mafoda athu onse ali bwinobwino, ngakhale yanga."

A Katakwe anadzuka mwaukali.

"Bodza limenelo! Ine ndinayamba ndalowa mu foda yako kaye!"

A Katakwe anayesa kutsokomola, anayesa kuseka, koma mawu anali atatuluka kale.

"Alamu," anafunsa mtsikanayo, misozi ili m'maso, "mu foda yanga mumakatani?"

Abwana anapukusa mutu.

"A Katakwe, mukudziwa zimene timakambirana mumsonkhano muja? Tinamufunsa mlamu wanuyu ngati angatenge udindo. Anakana. Anati, 'Apatseni alamu anga, ndi amene anandiphunzitsa zonse.' Timati tikuuzeni masana ano."

A Katakwe anakhala pansi osapeza mpando.

Sevayo inatenga masiku kuti idzuke, ndipo anaidzutsa ndi mlamu yemweyo. Udindo anaulandira akulira. A Katakwe anatuluka pageti ndi kapu yawo ya tiyi m'jumbo, n'kuima nthawi yaitali pamsewu. Kuchotsedwa ntchito kunawawawa, koma chinkawaopsa kwambiri n'choti akayamba bwanji kuwafotokozera akazi awo.

Phunziro: Choipa chitsata mwini. Munthu amene ukumuchitira nsanje mwina ndi amene akukuyankhulira kumene iwe kulibe. Ndipo inu a makompyuta, khomo limene munatseka nokha musalitsegule mtima uli wotentha. Tumizirani anzanu a kuntchito, makamaka uja amatupa mnzake akayamikiridwa.