Kabotolo ka Ankhoswe

Masiku ano ankhoswe sabweranso ndi tambala, amabwera ndi kabotolo kolavuliramo. Makina akapeza mbewu ya misala yochokera kwa makolo m'malovu, ukwati wathera pomwepo.

Esinta atapezeka nayo, bambo ake, a Nkhoma, anakathyola chitseko cha mlongo wawo, Pulofesa Nankhoma, amene anatulukira kayezedweka. Anawagenda kumaso ndi buku limene Pulofesayo analemba, mlomo n'kung'ambika.

"Zaka makumi atatu ukufufuza, kuti udzaphe banja la mwana wanga?"

"Achimwene, ndinalemba kuti mbewu si matenda. Tsamba limenelo anthu sanawerenge."

A Nkhoma anawagwira pakhosi. "Lavula iwe, tione!"

Pulofesa analavula magazi pansi.

"Ndinadziyeza kalekale, ndili nayo. Nanga Esinta mukuti anaitenga kwa ndani?"