Makumba a m'damu la Melvin

Panali munthu wina dzina lake Melvin, wa kwa Kanduku ku Mwanza, amene ankagwira ntchito yoombola katundu wa anthu pa malire. Ndalama zitamuyanja, anapita kumudzi n'kutchinga khwawa la pamalo a makolo ake ndi khoma ladothi. Panapangika damu lalikulu. Anaikamo nsomba za makumba, anabweretsa atsekwe, ndipo agwape ndi nkhanga zinayamba kutsika m'phiri kudzamwa madzi. Loweruka anthu a pa boma ankabwera kudzaona nyama ndi kuwotcha nsomba.

Kumunsi kwa damulo kunkakhala mchemwali wake, Iness, mayi wamasiye, ndi mwana wake wamkazi Malita. Melvin ndiye anali mwini mbumba, woyenera kuwateteza anthu amenewa.

Omanga damu anasiya ngalande m'mbali mwa khoma kuti madzi akachuluka azitulukira pamenepo. Mvula ikagwa yambiri, nsomba zina zinkatsetsereka ndi madziwo mpaka kumadimba, anthu n'kumatola.

Tsiku lina Melvin anapatukira kwa mchemwali wakeyo ndipo anamupeza akukazinga makumba.

"Afike achimwene!" anatero Iness. "Lero mudya za m'damu mwanu momwe. Mulungu akudalitseni, mudzi wonse tikuonera ndiwo pa inu."

Munthu wamtima akanaseka n'kusamba m'manja. Melvin anachita tsinya.

"Ndiye ine ndizivutika kugula madeya, inu muzingotola? Damu limeneli ndi bizinesi, achemwali, si tchalitchi."

M'mawa mwake anaika waya pangalande paja. Nsomba zazikulu zinasiya kudutsa, koma tating'ono tinkapyolabe, ana n'kumatola. Zimenezi zinamuwawabe. Munthu woyenda pa galimoto, kudwala mtima chifukwa cha tinsomba tonga chala! Anatseka ngalande yonse ndi matumba a mchenga, pamwamba n'kuthira simenti.

Madzi anakwera mpaka m'milomo mwa khoma. Alendo ankatama kukongola kwa damu, iye n'kumayenda mothimbwidzika.

Mvula itafika pachimake, Iness anamuimbira foni.

"Achimwene, patsinde pa khoma pakutuluka madzi. Poyamba anali oyera, pano ndi ofiira, akutuluka ndi dothi. Chonde tsegulani ngalande ija. Nsombazo sitidzatolanso, ndikulumbira."

"Mwaona njira ya ndiwo yatsekeka, ndiye mwayamba kulosera zoipa? Nsanje idzakuphani."

Komabe anapita kukaona yekha. Ataponda patsinde pa khoma, mwendo unatitimira mpaka m'bondo. Pamwamba panali mng'alu woti dzanja n'kulowa. Melvin sanali chitsiru, anadziwa chimene chikubwera. Koma anaganiza kuti akagumula simenti ija, makumba ake onenepa athawira kumadimba. Anati adikire kaye Pasaka, akolole nsomba, kenako atsegule.

Apa ndiye pochititsa nseru. Tsiku lomwelo anasamutsira atsekwe ake kumtunda. Anazula injini yopopera madzi n'kuikweza m'galimoto. Pobwerera anaima pakhomo pa Iness osazimitsa n'komwe galimoto.

"Ndaona, ndi chinyontho chabe. Khazikani mtima pansi."

Iness anamukhulupirira. Anali mchimwene wake, obadwa bere limodzi.

Lamlungu lotsatira masana kunagwa chimvula kumapiri. Malita anali ku kwaya, mayi ake anatsala m'nyumba chifukwa cha malungo. Madzi atasowa potulukira anadzipezera okha njira. Khoma linagumuka, ndipo chigumula chinakokolola madimba, mbuzi ndi nyumba ya Iness.

Melvin anangomva kuti damu laphulika. Anathamangitsa galimoto kuchokera pa malire, mtima uli pa nsomba. Atafika anaona anthu ali mbwee m'dambo, atawerama, akupapasa m'matope ndi mitengo. Anatsika akukuwa.

"Akuba inu! Siyani nsomba zanga! Aliyense amene watola abweze!"

Anthu anaweramuka n'kumuyang'ana. Panalibe amene anali ndi nsomba m'manja. Bambo wina woyandikana ndi Iness, a Yakobe, ndi amene anamuyankha.

"Tikufunafuna mchemwali wanu, bwana."

Anamupeza m'mabango, kutali ndithu ndi pamene panali nyumba yake, atatsamwa matope.

Pamaliro Melvin anabweretsa bokosi lodula ndi ng'ombe. Adzukulu anakhoma bokosi lawo la matabwa, ng'ombeyo anaisiya ili chimangire pamtengo. Itafika nthawi yoti mwini mbumba alankhule, Melvin anaimirira akupukuta maso. Asanatsegule pakamwa, Malita anatulukira atasenza beseni, ntchentche zili ng'waa pambuyo pake. Anagwada mwaulemu monga anamuphunzitsira mayi ake, n'kutula besenilo pamapazi pake. Munali makumba owola.

"Amalume, munati tibweze. Tatola zonse zimene tinaziona. Palibe wadyako ngakhale imodzi."

Fungo linakuta siwa yonse. Melvin anayang'ana uku ndi uku kufuna womuchotsera besenilo, koma sanamupeze. Analinyamula yekha, madzi ake akudonthera pa suti, n'kutuluka nalo pakati pa anthu.

Akuti malo a damu aja pano ndi chigwembe chabe, ndipo munthuyo kumudzi sapondako.

Phunziro: Madzi saiwala khwawa. Ngati muli ndi damu, musatseke potulukira madzi, ndipo mukaona khoma likukha madzi amatope kapena lang'aluka, chenjezani a kumunsi nthawi yomweyo n'kuitana odziwa ntchitoyo. Amene amapulumutsa atsekwe n'kusiya mbale wake si munthu. Musangowerenga nokha, tumizirani anzanu, makamaka amene ali ndi madamu ndi amene amakhala kumunsi kwake.