Ombwe Pakapinga, Nsomba M'dziwe

Panali munthu wina, ndipo akuti izi zinachitikadi, dalaivala wa mathiraki wopuma pantchito. Anzake ankamutcha Pompopompo chifukwa kudikira sankakudziwa. Mkazi wake atamwalira anatsala ndi galu, kapinga amene mayiwo anadzala ndi manja awo, ndi kadziwe ka simenti kumunsi kwa kapingako, momwe munali nsomba zofiira zisanu ndi imodzi. Loweruka lililonse mwana wake wamkazi ankabwera ndi kamtsikana kake ka zaka zinayi. Kakangotsika m'galimoto, liwiro la kudziwe, nyenyeswa za buledi zili m'manja. Tsiku lokhalo ndilo pakhomopo pankamveka phokoso.

Loweruka lina mayi wa mwanayo akumupesa tsitsi anakuwa.

"Ababa! Nkhupakupa kuseri kwa khutu! Taonaninso miyendoyi, utitiri wamutha mwana!"

"Aa, kamodzi komweko?"

"Kamodzi? Galu wanuyo zamudzaza, kapinga yense ndi zomwezo. Mwanayu sapondanso pano mpaka zithe."

Lolemba Pompopompo anafotokozera bambo wosamalira maluwa, munthu wachikulire amene ankabwera kawiri pa mlungu.

"Zimatha izi, bwana," anatero bamboyo. "Timete kapinga afupike, tisadze mpanda kuti dzuwa lizilowa. Galu timusambitse, chogonera chake tichape ndi madzi otentha. Kenako tiviike masamba a nimu, tisefe, tipopere. Mlungu uno, wamawa, ndi winawo."

"Milungu itatu? Achimwene, mukufuna mwana andiiwale nkhope?"

"Mazira ake amaswa pang'onopang'ono, bwana. Sizimva changu izi."

Lachitatu ali kometetsa, Pompopompo anadandaula mokweza. Munthu wina wosamudziwa, amene anali pampando winawo, anatembenuka thovu lili kuchibwano.

"Nimu? Ameneyo ndi tiyi, akulu! Pezani ombwe. Musinje wambiri, madzi ade bii, muthire osasungunula. Tsiku limodzi, zonse psiti!"

"Si woopsa?"

"Masamba angaopse ndani? Si mankhwala a m'sitolo amenewa."

Pompopompo anadzuka ndevu atameta mbali imodzi. Madzulo anali atafika kale ndi matumba awiri a masamba a ombwe, chitsamba chija alimi amadzala m'minda. Anasinja mpaka manja kutuluka matuza, n'kuviika mumgolo.

Lachinayi wosamalira maluwa anasuzumira mumgolomo, n'kubwerera m'mbuyo.

"Bwana, uyu ndi ombwe. Nkhupakupa amaphadi, sindikana. Koma kwathu anthu ankaphera nsomba mumtsinje. Kapinga wanuyu ndi wotsetsereka, madzi onse amathera m'dziwemo. Ndiye taonani mitamboyo."

"Mvula imeneyi yandinamiza mlungu wonse."

"Chabwino, tiyambe tachotsa nsombazo, tiziike m'beseni."

"Nthawi yake iti? Loweruka ndi mkuja!"

"Ndiye langa dzanja lisakhudzeko."

Bamboyo anavala chipewa chake n'kumapita. Pompopompo anatenga chothirira maluwa n'kuyamba yekha, uku akuimba. Mgolo wonse unathera pakapinga. Anaimbira mwana wake foni, mpweya uli m'mwamba.

"Ubwere naye Loweruka! Ndathana nazo zonse, ndi masamba okhaokha!"

Masana omwewo mvula inakhuthuka. Iye anaima pakhonde akuomba m'manja.

"Eya! Alowetse pansi mankhwalawo!"

Lachisanu m'mawa anatsikira kudziwe ndi kapu ya tiyi. Kapuyo inagwa. Nsomba zonse zisanu ndi imodzi zinali zitayandama, mimba zili m'mwamba. Anazitola, anaziika m'ndowa ya madzi abwino, anazigwedeza ndi chala. Palibe inaphupha. Anazikwirira kuseri kwa nyumba, madzi a m'dziwe n'kusintha.

Loweruka galimoto inafika. Kamtsikana kaja liwiro, buledi m'manja.

"Agogo! Nsomba zanga zili kuti?"

Pompopompo analoza m'dziwe.

"Zagona, mama. Zagona pansi penipeni."

Mwanayo anaponya nyenyeswa, n'kukhala pansi kudikira. Nyenyeswazo zinayandama, zinafufuma, zinamira. Anaponya zina. Anamuitana kuti adzadye, anakana. Galu anabwera n'kugona pambali pake. Mayi ake atawerama kuti amunyamule, maso anagwera m'makutu mwa galuyo. Nkhupakupa zinali ndandanda, zonenepa ngati nyemba.

"Ababa, galuyu munamusambitsa? Nanga nsombazo zagonadi?"

Mayiyo anasuzumira m'dziwe, ananyamula mwana wake, chitseko cha galimoto phwaa.

Mawa lake Pompopompo anapita yekha kunyumba kwa wosamalira maluwa, chipewa chili m'manja, kukapepesa. Anachita zonse monga anauzidwira poyamba, milungu itatu yathunthu. Nkhupakupa zinatha, utitiri unatha. Mwana wake anabwera yekha, anayenda pakapinga wopanda nsapato, anamutembenuza galu uku ndi uku, n'kuvomera kuti mwana atha kubweranso.

Pompopompo anatsuka dziwe kawiri, anagula nsomba zina zofiira, anazijambula n'kutumiza pafoni. Kenako anaimba foni kuti alankhule ndi mdzukulu wake.

"Waziona, mama? Zikukudikira!"

Mwanayo anayang'anitsitsa chithunzicho.

"Izi si zanga. Yanga ya banga pamchira ili kuti?"

Pompopompo anangomva kamawu kakuuza mayi ake chapatali.

"Muwauze agogo ndidzabwera zanga zikadzuka."

Phunziro: Chinthu chikakhala chochokera ku masamba sindiye kuti sichipha. Musanathire mankhwala alionse pakapinga, funsani odziwa, onani kumene madzi ake akathere, ndipo musaiwale galu amene wabweretsa tizilomboto. Mverani amene amadziwa pakhomo panu, osati munthu wongokumana naye kometetsa. Tumizani nkhaniyi kwa abale ndi anzanu onse amene ali ndi kapinga, ziweto ndi ana pakhomo.